Zipolopolo Zanu Zoonda, Achimwene

Pagulupu ya pafoni abale akulemba kuti munali munthu wolimbikitsa anzake. Limenelo ndi bodza, achimwene. Lero chatha chaka chimwalirireni, ndipo ine ndikukumbuka galaja yanu ku Armadale, kunja kuja, nthawi ya korona. Ndinabwera kudzakuuzani kuti yunivesite ikundikanika, koma simunadzutse n'komwe mutu. Munali kalikiliki kuthira onga m'zikopa za zipolopolo n'kumatsekera ndi mitu yoonda pang'ono kuposa mpope wa mfuti yanu, poti mitu yoyenerera sinkapezeka m'sitolo.

Ndinafunsa ngati zimenezo zingawombe. Munati, "Kutuluka zimatuluka ndithu, koma zimangopepeluka osafika pachandamale. Ngati iweyo, Tadala." Munaseka nokha. Ndinaima pakhomo kudikira mawu ena, kenako ndinakakwera sitima. Kuyunivesite sindinabwerereko.