Nkhope pa khoma la golosale

Chaka chimene kolera inavuta, bungwe lina linalemba ntchito mmisiri wa zikwangwani kuti ajambule uthenga pa khoma la golosale yoyang'anizana ndi msika wa pa Mwanza Boma. Ine ndinali nditangosiya ntchito ya nyuzipepala ku Blantyre, choncho anandipempha kuti ndikonze mawu ake. Mawuwo anali oona: kolera imayenda m'madzi ndi m'manja.

Mmisiri anagawa khomalo pawiri. Kumanja, mayi akusamba m'manja ndi sopo, mwana wake wonenepa bwino. Kumanzere, mayi akutunga madzi pachithaphwi, ntchentche zitamuzinga, mwana ali thapsa pamphasa.

"Achimwene, nkhope zongoganizira zimandituluka ngati mbatata," anatero mmisiriyo. "Mulibe zithunzi mufonimo?"

Ndinali nazo. Chimodzi chinali cha mayi wa kwa Nthache amene ankabwera pamsikapo m'mawa uliwonse ndi ndowa ya thobwa pamutu. Tsiku limene ndinawajambula anaseka, nati, "Jambulani, atolankhani, koma mugule." Ndinatumiza chithunzicho osafunsa kuti chikhala mbali iti.

Chinakhala kumanzere. Mmisiri uja ankaidziwa ntchito. Mpata wa mano unalipo, chipsera cha pachibwano chinalipo, ngakhale duku lachikasu.

Anayamba ndi oyitanira minibasi. "Amayi a kolera afika! Kapu imodzi, ulendo wa kuchipatala ulere!" Madalaivala a mathiraki opita ku Mozambique, amene kale ankamwa makapu awiriawiri, anayamba kudutsa atayang'ana kumbali. Chikhalirecho mayiwo ankawiritsa madzi, ankavundikira ndowa, ndipo makapu ankatsukira m'madzi othira mankhwala. Ndinkadziwa zimenezi chifukwa ndinali kasitomala wawo. Pamsika ponse panalibe wotsatira uthenga wa pakhoma kuposa iwo.

Tsiku lina mayiwo anandipeza ndikugula manachesi.

"Atolankhani, uja ndi ndani?"

"Ndi chithunzi chabe, amayi."

"Chithunzi chabe chokhala ndi chipsera changa? Nanga mwana wagonayo ndi wa yani? Angatu onse akuyenda."

Ndinalonjeza kuti tikonza. Mmisiri anati sizovuta: kabotolo ka penti, asintha mphuno, atseka mano, duku likhala lobiriwira. Koma penti inali itatha, ndipo abungwe anali atatola kale chithunzi cha khomalo n'kulivomereza. Ndinati ndigula ndekha. Kenaka ndinayamba kudziuza kuti ndidikire chilolezo, kuti asati ndaononga uthenga wa zaumoyo. Ndinkadziuzanso kuti khomalo likugwira ntchito, pakuti anthu ankaimadi n'kumaliyang'ana, ndipo zigubu zosambira m'manja zinachuluka pamashopu. Zonsezi zinali zoona. Ndinangosintha njira, n'kumalowera mumsika chakuseri.

Mvula inatha, kolera inazilala. Pamalo pa mayi aja panakhala mwamuna wogulitsa makhadi a foni.

Khomalo linafufutidwa nthawi ya kampeni. Anyamata a chipani china anabwera ndi zidebe m'mawa, pofika masana panali nkhope ya munthu wofuna uphungu, akumwetulira, mano onse ali mbee. Anajambula ndi mmisiri yemwe uja. Palibe amene anafunsa chilolezo kwa abungwe, ndipo palibe amene anadandaula.

Ndinakumana nawo mayiwo panjira ya kwa Nthache, khasu lili paphewa, akuchokera kuganyu. Ndinatsika panjinga.

"Amayi, chithunzi chija achifufuta."

"Ndinamva. Thobwa ndinayesanso, koma dzina lija silili pakhoma, lili m'kamwa mwa anthu." Anasintha khasu phewa. "Mwafufuta ndinu?"

"Ayi, ndi achipani."

"Oho. Ndiye ndikathokoze iwowo."

Anandifunsa ngati kunyumba kuli bwino, monga mwa ulemu, napitiriza ulendo.