Chikanda chimene sindinaphike

Mulungu andikhululukile, ndimanama pa foni. Ndimagulitsa chakudya m'kagalimoto ku Kabwata, ndipo m'mawa ndimaika zithunzi pa sitetasi kuti makasitomala aone zomwe ndaphika. Koma cha chikanda ndimachiika ngakhale sindinaphike. Anachijambula ndi mwana wanga Tisa, tisanakangane iye n'kusamukila ku Kitwe. Ndikamuimbila sayankha, koma chithunzi chimenecho amachitsegula, dzina lake limaoneka pakati pa amene achiona.

Dzulo ba Mwape, kasitomala wokhulupilika, anabwela kuchokela ku Chelstone.

"Amayi, chikanda cha pa foni chija?"

"Chatha, atate."

"Chatha bwanji, mukutsegula kumene?"

Ndinangoyamba kupukuta poto woyela kale.

Ndimalapa Lamulungu lililonse. Koma ndikachichotsa chithunzicho, ndidzadziwa bwanji kuti mwana wanga wadzuka bwino?