Njinga Yofiira ya Alamu Anga

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ndi ojambula zithunzi. Situdiyo yawo ndi saluni yanga zili pakhonde limodzi, tangosiyana ndi khoma la matabwa, moti akayetsemula ine ndimamva. Anthu a mumsewu mwathu anawapatsa dzina loti a Mwetulirani, chifukwa mawu amenewo sachoka pakamwa pawo. Ngakhale munthu wofuna chithunzi cha pasipoti, chimene sichilola mano, amauzidwa kuti amwetulire, kenako n'kujambulidwanso.

Ndi bambo wamfupi, wadazi, wa kamimba kotsogola, ndipo moyo wawo wonse authera pakati pa nyumba, situdiyo ndi maukwati a eni ake. Koma pakamwa ndiye anadalitsika. Chimene agwira lero, mawa amakhala atasanduka katswiri wake. Anagulapo gitala n'kutiphunzitsa za nyimbo mpaka makutu kuwawa, koma pano gitalayo ndi popachika mataye obwereketsa makasitomala.

Chaka chimene mwana wawo wotsiriza anapita ku koleji, nyumba itangoti zii, anayamba kuonera pafoni mavidiyo a anthu oyenda maulendo ataliatali pa njinga zamoto. Tsiku lina anasuzumira pakhomo la saluni ine ndikuluka kasitomala.

"Mlamu, ine ndatopa kujambula anthu opita kutali. Yanga nthawi yakwana."

"Mupita kuti, alamu?"

"Kumene msewu ukathere."

Ndinawakumbutsa kuti msewu wathu umathera pa chipatala, koma sanaseke. Analembetsa kusukulu yoyendetsa, nazungulira migolo pabwalo ndi kanjinga kakang'ono mpaka anawapatsa laisensi, mwina pofuna kuti migolo ipume.

Njinga imene anagula inabwera pa galimoto ya kusitolo, itakulungidwa m'mapulasitiki. Inali yofiira, ya mtundu umene unali utangotuluka kumene, yokhala ndi kagalasi kotchinga mphepo kutsogolo ndi mabokosi awiri m'mbali. Kukongola inali yokongola, zimenezo sindingakane. Alamu anaizungulira manja ali kumbuyo, anthu atadzaza pakhonde.

"Iyi si zonyamulira anthu pasiteji zija ayi," anatero. "Iyi anaipangira liwiro ndi maulendo. Taonani kupepuka kwake. Chala chimodzi chokha ndikhoza kuidzutsa."

Achemwali anafika kuchokera kuntchito, naima n'kuyang'ana kampando kakumbuyo kaja, kopapatiza ngati thabwa lositira.

"Abambo, ine ndizikhala pamenepa?"

"Muzolowera, mayi."

Achemwali anadziyang'ana m'chiuno, nayang'ananso kampando, n'kulowa mu saluni mwanga.

Poopa fumbi, alamu anaikankhira njinga ija mu situdiyo, naiimika kutsogolo kwa nsalu ya chithunzi cha mapiri imene amajambulirapo akwati. M'mawa uliwonse ankaitulutsa, n'kuiliza pakhonde mpaka makasitomala anga kutsokomola ndi utsi, n'kuyenda nayo kuseri kwa sukulu, kudzera pomwetsera mafuta, n'kubwerera. Ulendo wake unali woti madzi amene ndateleka pochoka iwo, pobwera amakhala asanawire. Akatero ankaipukuta ndi kansalu kopukutira kamera.

Sitolo ija inawalowetsa m'gulu la pafoni la anthu amene anagula njinga za mtunduwo, kuti aziuzana mmene akuionera. Apa ndiye alamu anapeza mpingo. Ankabwera kudzandiwerengera zimene alemba, ine manja ali m'mutu mwa munthu, wopanda kothawira.

"Tamvera iyi, mlamu. 'Pa makona imagona bwino kwambiri. Injini imalankhula ukafika giya yomaliza.'"

"Giya yomalizayo mwaifikira pati? Kuseri kwa sukulu?"

"Munthu wodziwa amamva m'thupi."

Anzawo ena ankayendadi. Mphunzitsi wina analemba kuti mpando umauma ukakhalitsa, mawa lake alamu nawo anayamba kuyenda chotsimphina akudandaula mpando. Wina anati kagalasi kaja kamaponyera mphepo pamphumi, alamu anavomereza ndi mawu ambirimbiri, n'kuwonjezera kuti iwo anazindikira kalekale. Ankatumizanso zithunzi. Ndi ojambula enieni, ndiye ankadziwa poika nyale kuti mapiri a pansalu aoneke ngati enieni, ndipo fani ya m'situdiyo inkawaulutsira kolala ya jekete. Gulu lonse linayamba kuwatenga ngati mkulu wa maulendo, ena mpaka kuwafunsa nzeru za matayala.

Ndiye mtsogoleri wa gululo, mayi wina wogulitsa mankhwala ku famase, anakonza zoti onse ayende limodzi Loweruka, akafike ku tauni ina n'kubwerako. Anapempha a Mwetulirani kuti, poti ndi ozolowera, akhale kumbuyo aziyang'anira ongoyamba kumene. Alamu anavomera mokweza. Koma sabata imeneyo kuseri kwa khoma kunali bata, ndipo achemwali anandiuza kuti chakudya chinkabwerera m'mbale.

Loweruka m'mawa njinga zinasonkhana pomwetsera mafuta paja. Ife tonse tinatuluka, ena ali ndi mankhwala m'mutu. Alamu anatulukira atavala jekete lachikopa, magolovesi, nsapato zofika m'mawondo ndi chipewa chimene chinawameza mpaka khosi. M'mabokosi anali atalongedza kamera, miyendo yake, zovala zosinthira, bulangete ndi ketulo, ulendo wake wobwerako tsiku lomwelo. Anzawo ananyamuka bwinobwino. Ya alamu inadumpha n'kuzima. Anailiza, inazimanso. Kenako inanyamuka mwaukali, miyendo yawo ili lendelende m'mbali, mpaka anakhota.

Dzuwa lisanafike pamutu, ndinawaona akubwera wapansi akukankha njinga, chipewa chili pachigongono, dazi likuchucha thukuta. Galasi loonera kumbuyo linali litapindika ndipo bokosi limodzi linali ndi zokanda. Analowa m'situdiyo n'kutseka chitseko.

Zimene zinachitika tinazimva madzulo kwa mayi a ku famase aja, amene anabwera kudzawazonda. Akuti atangotuluka m'tauni, pafupi ndi mlatho, lole inawapitirira ndipo mphepo yake inawagwedeza pang'ono. Alamu anaima pambali pa msewu n'kukana kupitiriza. Mayiwo anabwerera kudzawalimbikitsa, koma iwo anati aiwala kuzimitsa nyale za m'situdiyo. Potembenuza njinga, ili chiimire, mwendo unaperewera pansi ndipo anagona nayo m'udzu. Chala chimodzi chija sichinathandize. Anaidzutsa ndi mayiwo pamodzi ndi munthu wina wodutsa.

"Sanavulale," anatero mayiwo, akuyesetsa kuti asaseke. "Koma kukweranso ndiye anakaniratu."

Lolemba alamu anali atachira pakamwa. Anabwera ndi foni m'manja.

"Ndawalembera chilungamo, mlamu. Njinga iyi ndi yopepuka mopitirira muyeso. Munthu wa thupi ngati ine imandichepera. Anaipangira ana."

"Si paja munkaitamira kupepuka komweko?"

"Pamene paja ndinali ndisanaiyese pa msewu waukulu."

M'gulu muja palibe anawayankha, kupatula mphunzitsi uja amene anafunsa ngati nyale anazipeza zili zoyaka.

Kuyambira pamenepo njinga sinatulukenso. Anawongola galasi, mbali yokandika anaitembenuzira kukhoma, ndipo anyamata a m'tauni anayamba kubwera kudzajambulitsa atakhalapo, atavala chipewa ndi jekete. Akwati nawonso anaikonda. Alamu amati anaziganiza dala kuyambira pachiyambi, kuti munthu wa bizinesi amaona patali.

Mwezi watha mwana wawo uja anaimba foni kuti makolo akufunika ku koleji, ndipo anati mayi ake aang'ono, kunena ine, ndisatsale. Achemwali anadikira nthawi imene situdiyo inali yodzaza.

"Abambo, ine ndakonzeka kuzolowera kampando kaja. Tipite pa njinga, mng'ono wangayu atipeza pa basi."

Alamu anayang'ana kudenga, nanena kuti nyengo ino mphepo ndi yoipa, komanso matayala amafuna kupimidwa kaye. Tinakwera basi tonse atatu.

Iwo anakhala pawindo, ife kumbuyo kwawo. Pafupi nawo panakhala bambo wina wachikulire atanyamula katoni pamiyendo, ndipo basi isanatuluke n'komwe m'depoti anali atauzidwa kale kuti akhala ndi munthu wa njinga. Titayamba kukwera zitunda, alamu ankapendekera mbali imodzi pa kona iliyonse, mpaka phewa kukanikiza katoni ya eni ake.

"Dalaivala uyu sadziwa makona," ankatero. "Apa ine ndikanalowa chakumanja, n'kutsitsa giya, n'kutuluka ngati mphepo."

Bambo uja anapirira mpaka basi inaima pamalo opumira. Anatsika ndi katoni yake, ndipo pokweranso anakakhala kutsogolo pafupi ndi chitseko. Alamu anatembenuka kuti apitirize nkhani ndi ife, koma achemwali anali atatseka kale maso, ndipo ine ndinachedwa kutseka anga.