Liwu Limodzi pa Chiliza cha Agogo

Chaka chimene tinagwirizana zomanga chiliza pamanda a agogo athu aamuna, abale anasankha ine kuti ndikonze mawu okalemba pamwalapo. Ati chifukwa ndinali mphunzitsi. Kwathu kuno ukangogwirako choko, basi, kalata iliyonse ndi yako mpaka kufa.

Ndinalemba dzina, vesi ndi "Usani mumtendere". Nditawerenga pamsonkhano wa banja, kumudzi kwathu kufupi ndi Kandeu, onse anavomera kupatula azakhali, alongo awo a malemu bambo anga. Iwo ndiwo mwana woyamba m'banjamo. Miyendo inawathera kale, koma pakamwa ayi ndithu, sipanakalambe.

"Nanga usilikali uli pati?" anafunsa. "Pansi pa dzinapo ulembe kuti Msilikali. Likasowa liwu limenelo, ine kumandako simukandiona."

Kuvundukula chiliza popanda mwana woyamba? Anthu akanatiseka mpaka ku Sharpevale.

Tonse tinakula tikudziwa kuti agogo anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya azungu, kutsidya kwa nyanja. Umboni unali pakhoma kwa azakhali: chithunzi cha mnyamata wa makutu otambalala ngati athuwa, atavala kabudula wa khaki ndi chipewa chopinda mbali imodzi, dzina la agogo lili kuseri. Ndili mwana ndinkaopseza nacho anzanga. Koma agogo amene ndinawadziwa ine, nkhuku yomwe ankapempha ena kuti awaphere. Ukawafunsa za nkhondo ankangotsokomola, khasu paphewa, ulendo kumunda wa kachewere.

Tsono ine ndili ndi kavuto. Sindilemba chinthu pamwala ndisanachione papepala. Wosema miyala wa ku Boma anandipatsa sabata imodzi kuti ndimutumizire mawu, ndiye ndinayamba kufukula. M'sutikesi yachitsulo imene bambo anasiya ndinapezamo chitupa cha agogo cha ku migodi ya ku Joni, cha dzina lina loyamba limene sindinalimvepo, koma nkhope ili yawo. Zidindo zake zinali za zaka zomwezo za nkhondo. Aa! Munthu mmodzi angamakumbe golide ku Joni uku akuomba mfuti kutsidya kwa nyanja?

Ndinapita kutchalitchi kukapempha mabuku akale a mpingo. Anandiuza kuti chiswe chitalowa m'kabati, mlembi wakale anawatenga n'kusamuka nawo kupita ku Bwanje, kwa mwana wake amene amalima mpunga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinakwera kabaza nditavala juzi ndi jekete, monga timavalira kumtunda kuno. Pofika kuchigwako ndinali ngati chimanga chophika.

Mlembiyo, nkhalamba yoseka ndi dzino limodzi, anatulutsa mabukuwo m'thumba la mpunga. Ankatsegula tsamba limodzilimodzi atanyowetsa chala, ndipo dzina lililonse ankaima kuti andiuze amene anabera mnzake mbuzi. Ine thukuta kamukamu, ndikungowafulumizitsa.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, aphunzitsi," anatero.

Pamapeto pake chala chinaima. Panali dzina lija la pachitupa, ndipo pambali pake panalembedwa kuti: wadulidwa mumpingo, walowa chokolo kwa mkazi wa mkulu wake amene anatsala kunkhondo.

Ndinawerenga katatu. Mlembi ndiye anandimasulira. Anali awiri pachibale, ofanana ngati mazira. Wamkulu anapita kunkhondo osabwerako. Wamng'ono anaitanidwa kuchokera ku Joni, ndipo monga mwa mwambo wa makolo anatenga mkazi wa mkulu wakeyo, kamwana kakakazi kamene kanali kumsana, ndi dzina lomwe. Mpingo unakwiya, kenako unaiwala. Mudzi nawo unazolowera kumuitana dzina latsopanolo, ndipo ife obwera m'mbuyo tinangophatikiza anthu awiri kukhala mmodzi.

Ndisaname, pobwerera ndinali wokondwa ngati tambala. Ndagwira bodza la banja lonse, ndekha, ndi mapepala! Za kamwana ka kumsana kaja sindinaziganizire n'komwe. Nzeru za m'kalasi nthawi zina n'zopusa zedi.

Azakhali ndinawapeza pakhonde masana, akusankha nyemba m'lichero. Ndinakhala pampando, n'kuyamba kufotokoza ndi mawu anga a patsogolo pa bolodi: chitupa, zidindo, buku la mpingo, chokolo. Ndinamaliza ndi kunena kuti amene agona m'mandamo sanagwirepo mfuti, choncho liwu lija silingalembedwe.

Iwo anapitiriza kutaya timiyala.

"Watha?" anafunsa.

"Ndatha, azakhali."

"Ndiye wapita mpaka ku Bwanje, kukapsa ndi dzuwa, kukafuna nkhani imene ukanandifunsa pakhonde pompano? Iwe ndi sukulu yakoyo!"



"Mayi anandiuza nditatsala pang'ono kukwatiwa," anatero. "Kamwana ka kumsanako ndine. Amene agona m'mandamo anandilera, ndi bambo anga, sindiwakana. Sanandisiyanitsepo ndi bambo ako ngakhale tsiku limodzi. Koma wondibereka anachoka ndili m'mimba. Sanandinyamulepo. Kumene anamukwirira palibe akudziwa, kaya anamukwirira n'komwe. Dzina ndi limodzi, mwala ndi umodzi. Dzinalo agawane awiriwo, koma liwu limodzilo likhale la winayo. Kapena iwe wophunzira undiuze: ndikamulembe pati?"

Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Ndinkafuna pansi patang'ambika. Ndinayang'ana chitupa chili m'manja mwanga, ndinayang'ana nyemba zili m'lichero.

Ndinazemba kupita kuseri kwa nkhokwe, kumene netiweki imagwira, n'kuimbira wosema miyala uja.

"Mwatsimikiza kuti anali msilikali, aphunzitsi?" anafunsa. "Pajatu munati mukufufuza kaye."

"Ndafufuza," ndinayankha. "Lembani, ndipo zilembo zake zikhale zazikulu."

Tsiku lovundukula chiliza azakhali tinawanyamula panjinga, atavala duku latsopano, akukalipira woyendetsa njira yonse kuti akuwagwetsa. Abusa anapemphera, azimayi anaimba, nsalu inachotsedwa, anthu n'kuyamba kubwerera kumudzi. Azakhali anatsalira, nandikoka mkono.

Azakhali sadziwa kuwerenga.

"Undionetse pamene pali liwu lija," ananong'ona.

Ndinagwira dzanja lawo, ndinalidutsitsa pa dzina, n'kuliika pamzere wachiwiri. Anasisita zilembozo chimodzichimodzi, kenako anayala chikhatho chonse pamwalapo.

"Bambo," anatero, "ndine uja munandisiya m'mimba."