Bambo a Tadala ndi mkamwini wa "circus"

Mwaswera bwanji nonse? Kuno ku Croydon lero kwachitika zinthu.

Mwana wathu Tadala anabwera ndi chibwenzi chake kudzationetsa. Bambo ake, omwe aja amatikonza Chingerezi tonsefe, anafunsa mnyamatayo mtundu wake. Iye anati, "Circassian."

Bambo anangoika kapu pansi. "Mwana wanga nesi akwatiwe ndi wa circus? Woyenda pachingwe?" Anayankhulatu m'Chingerezi kuti mwiniwake amve bwino.

Mnyamatayo anafotokoza mwaulemu kuti Circassian ndi mtundu wa anthu a kumapiri a Caucasus, ndipo makolo ake akale anathamangitsidwa kuchoka kumeneko kalekale. Iyeyo ndi dokotala wa mano.

Tadala watuluka akulira. Bambo akuti amangomuyesa dala mkamwiniyo, koma ndawapeza kubafa akufufuza mawu oti Circassian aja pafoni.

Achemwali, akapepese okha kapena ndiwaperekeze?