Chivomezi cha Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene dzuwa linada masana. Anthu akamakamba za kadamsana ameneyo amatchula mdima ndi nkhuku zimene zinalowa m'khola nthawi isanakwane, koma ine chimene chinandikhalira ndi kulemera kwa mng'ono wanga Nita kumsana kwanga. Anali asanayambe kuyenda. Amayi akapita kumunda mlezi ndinali ine, moti kapumidwe kake ndinkakadziwa kuposa kanga komwe.

Tinkakhala m'mudzi wa m'mbali mwa msewu wochoka ku Mandimba kupita ku Ngauma. Bambo anali telala. Ntchitoyo anaiphunzira ku Cuamba ali mnyamata, pakhonde la sitolo ina pafupi ndi siteshoni, ndipo komweko ndi kumene anatola matenda awo a nyenyezi. Kunali mkulu wina wochokera kunyanja yamchere amene ankabwera kudzasoketsa mikanjo. M'malo motenga mkanjo wake n'kumapita, ankakhala pabenchi tsiku lonse kuwafotokozera kuti chilichonse chochitika pansi pano chimayamba chaonekera kumwamba. Bambo anameza zonse, osalavulako ngakhale kamodzi.

Koma musawayese amisala. Ankatenga choko chawo cholembera nsalu n'kujambula pathebulo.

"Taona, Selina. Iyi ndi nyanja yaikulu. Iyi Amaramba, iyi Chiuta, iyi Chilwa. N'chifukwa chiyani zandandalika chonchi? Pansi pathu pano pali msoko. Tsono dzuwa ndi mwezi zikaima pamodzi zimakokera mbali imodzi. Ukakoka nsalu, imang'ambika pati?"

"Pamsoko."

"Ehe!"

Tsiku lina ndinakafunsa aprofesori, aphunzitsi athu kusukulu, ngati pansi palidi msoko. Iwo anati inde, dziko lathu lino lili m'mphepete mwa mng'alu waukulu, n'chifukwa chake nthaka imagwedezeka nthawi zina. Za mwezi sindinawafunse. Ndinathamangira kunyumba kukauza bambo kuti ngakhale aprofesori avomereza, ndipo iwo anandigulira zitumbuwa.

Chinaonjezera moto ndi ichi. Chaka china mwezi unafiira, ndiye bambo ananena pabawo kuti nthaka igwedera. Patapita masiku mbale zinalira pathandala, mbuzi zinadzidzimuka, basi, kachivomezi kosagwetsa ngakhale nkhokwe. Koma kuyambira pamenepo ukanawauza chiyani? Anthu anayamba kuwatcha a Nyenyezi, ena moseka, ena mwaulemu, ndipo iwo ankayankha onse mofanana.

Ndiye wayilesi inalengeza kuti kukubwera kadamsana wa dzuwa, anthu asayang'ane kumwamba ndi maso okha. Inali nyengo yachisanu. Bambo anasiya makina, anayenda kuzungulira nyumba akugogoda zipupa ndi chala, kenako anaitana amayi. Anati wa mwezi uja unali utsi chabe, moto ndi uno. Anati kuyambira tsiku la kadamsana mpaka mwezi utakhala wathunthu, palibe wa banja lawo agone pansi pa chipupa.

"Bambo a Selina, m'chisanu muno? Ndi khanda?"

"Make Selina, nyumba iyi ndinamanga ndine. Njerwa zake ndinamata ndi dothi, simenti mulibe ngakhale supuni imodzi. Mukufuna ndidzakufukuleni ndi khasu?"

"Chakudza sichiimba ng'oma," amayi anatero chapansipansi.

"Chimaimba. Anthu ndiwo ogontha."

Anamanga msasa waudzu kudambo, kumunsi kwa dimba lathu. Anasankha pamenepo chifukwa panalibe mtengo, panalibe chulu, panalibe chilichonse choti n'kutigwera. Aliyense wobadwira kumudzi amadziwa kuti chisanu chonse chimagona kudambo, bambo nawonso ankadziwa, koma maso awo anali kwina. Nyumba anaikhoma ndi loko, kiyi n'kuika m'thumba la malaya. Mabanja angapo anatitsatira n'kumanga misasa yawo pafupi ndi wathu.

Tsiku la kadamsana bambo anathira madzi m'beseni kuti tizionera m'menemo. Chakumasana kuwala kunayamba kufooka ngati nyali yotha mafuta. Mphepo inazizira, mbalame zinangoti zii. M'kati mwa msasa, pamphasa, kuwala kodutsa m'mipata ya udzu kunasanduka timiyezi ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo Nita ankafuna kutitola ndi zala. Kumudzi kunamveka akazi akukuwa, wina akuimba nyimbo yakutchalitchi. Mdima weniweni sunafike. Dzuwa linatsala kachidutswa, linakhala choncho kanthawi, kenako linayamba kubwerera. Bambo sanataye madzi aja. Anaika beseni pamalo osalala n'kutiuza kuti wina asalikhudze, chifukwa nthaka ikayamba, madzi ndiwo ayambe kunena.

Tsono tinadikira. M'mawa uliwonse nkhungu inkaphimba dambo lonse, bulangete linkadzuka lonyowa, udzu wa msasa ukudontha. Anzathu aja anapirira masiku ochepa, kenako anayamba kubwerera mmodzimmodzi, wina akuti akukangoona nkhuku, wina osatsanzika n'komwe. Tinatsala tokha. Kusukulu anzanga ankandifunsa kuti, "Mwana wa a Nyenyezi, lero chivomezi chafika pati? Chakwera chapa kapena chikubwera wapansi?" Ndinkawatukwana, koma mumtima ndinkapempha kuti chibwere, chigwetse nyumba zawo zonse, aone.

Nita anayamba ndi chimfine. Kenako kanali kachifuwa kouma. Ndikamubereka ndinkamva kutentha kwake kukudutsa kapulana, nsalu yomuberekera, mpaka pakhungu langa, ndipo mpweya wake unkabwera mofulumira, pafupipafupi, ngati wa kamwana ka nkhuku. Anasiya kukoka tsitsi langa. Ndinauza amayi, amayi anauza bambo. Bambo anapita kukathyola masamba a bulugamu, anawawiritsa, anamufukiza pansi pa nsalu ndi manja awo, modekha, akumuimbira. Anavula jekete lawo n'kumufunditsa, iwo n'kukhala ndi malaya okha.

"Tibwerere m'nyumba," amayi anatero.

"Mwezi watsala pang'ono."

"Ndiye tipite naye kuchipatala."

"Chipatala nachonso ndi njerwa. Mukagonekedwa m'menemo, denga lonse lija pamutu panu? Pirirani, make Selina. Chifuwa chimapatsa nthawi."

Amayi sanali munthu wokangana ndi mwamuna wake, ndipo m'masiku amenewo ndikuganiza kuti nawonso ankaopa kuti mwina akunena zoona. Nanga atalowa m'nyumba, nyumbayo n'kugwa?

M'mawa wina bambo anakwera njinga kupita ku Ngauma kukachenjeza achimwene awo, poti masiku oopsa kwambiri, iwo anati, anali omalizawo. Atangokhota, amayi anavula Nita kamalaya n'kuyang'ana. Pansi pa nthiti pankalowa m'kati akamapuma. Milomo inali itada. Anamubereka, anandiuza kuti ndinyamule jekete lija, ndipo tinakwera chapa, galimoto yonyamula anthu, yoyamba yopita ku Mandimba kumene kunali chipatala.

Anamwino anamuika chomvera pachifuwa, anamubaya jakisoni, anamugoneka pabedi. Anati ndi chibayo.

"Mwachedwa naye, mayi. Amagona pati mwanayu?"

Amayi anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana chipupa. Chinali chopaka laimu, chili ndi kamng'alu kakang'ono pamwamba pa zenera, ndipo ndinakhala ndikuyang'ana kamng'alu kameneko mpaka dzuwa linapendeka. Nita anasiya kupuma ndikuyang'anabe pamenepo. Sindinaone nthawi yake. Ndinangomva anamwino akuti pepani.

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira bwino, koma ngati zinkachitikira munthu wina. Amayi anamupukuta kumaso. Anamuveka kachipewa kake, anawerama, n'kundiuza kuti ndimuike kumsana kwawo. Anamanga kapulana, anaonjezera ina pamwamba kuphimba mutu, ngati mmene amachitira mwana akagona padzuwa. Kenako anandigwira phewa mwamphamvu.

"Usalire. Chapa sinyamula maliro. Tikalira kwathu."

Ndi mmene akazi akwathu amachitira, ndinadzadziwa pambuyo pake. Tinakhala kumbuyo kwa galimoto pakati pa matumba a usipa ndi njinga ya munthu. Mayi wina amene anakhala moyang'anana nafe anafunsa kuti, "Wagona?" Amayi anati, "Wagona." Mayiyo anayang'ana timapazi totulukira pansi pa kapulana, anayang'ana amayi. Anangosuntha dengu lake kuti amayi atambasule miyendo. Ine sindinavutike kudziletsa. Misozi kunalibe. Ndinkangoona mitengo ikudutsa, fumbi likulowa m'kamwa, ndipo ndinkaganiza kuti ndaiwala kutsekera nkhuku.

Titatsika, amayi sanalowere njira yakudambo. Analunjika kunyumba. Bambo anali atabwerako, anatipeza pakhomo akupuma wefuwefu, njinga ili m'manja.

"Munapita kuti? Ndakuuzani kangati kuti..."

"Tsegulani," amayi anatero.

Anayang'ana amayi, anayang'ana kumsana kwawo. Anatulutsa kiyi, koma loko ndinatsegula ndine. Amayi analowa, anayala mphasa pabalaza, anamasula kapulana n'kumugoneka. Pamenepo m'pamene anakuwa.

Mudzi wonse unabwera. Akazi anadzaza m'nyumba mpaka kukhitchini, atatsamira zipupa zomwe zija zomata ndi dothi, akuimba. Mwezi unakhala wathunthu tili pamaliro, unayamba kuchepa, ndipo palibe chimene chinagwedera. Palibe amene anatchula za nyenyezi pamaso pa bambo, ngakhale aja ankaseka. Dzina lija linangofa lokha. Msasa sitinakaugwetse, unadzapsa ndi moto wa lupsa.

Amayi ndi bambo anakhalabe limodzi. Ankalankhulana za mbewu, za sopo, za sukulu yanga. Bambo anabwerera pamakina awo. Chimene ndinaona n'chakuti madzulo, nthawi imene kale ankatulutsa mpando pabwalo, tsopano ankalowa m'nyumba dzuwa likangolowa.

Chivomezi chinadzabwera ndili mtsikana wamkulu. Kunalibe kadamsana, kunalibe chizindikiro chilichonse, linali tsiku wamba anthu akupuntha chimanga. Malata analira, madzi anatayikira mumtsuko, tonse tinathamangira pabwalo tikukuwa. Bambo sanatuluke. Tinkamva makina akulirabe m'nyumba, kwetekwete, mpaka nthaka inakhala bata. Sichinagwetse kanthu.

Lero ndimakhala ku Cuamba, ndili ndi ana anga. Kadamsana akamayandikira, pafoni pamabwera mauthenga akuti mapulaneti andandalika, mng'alu utseguka, gonani panja. Ndinafunsapo anthu amene anaphunzira za nthaka. Amati mng'alu ulipodi, chivomezi chidzabwera ndithu, koma tsiku lake palibe amene angalitchule, kaya ayang'ane kumwamba kaya pansi. Amati chimene munthu angachite ndi kumanga nyumba yolimba. Ndikamva zimenezi sindikwiya, sindiseka. Ndimangofufuta uthengawo.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti bambo sankamva chifuwa chija, kuti mutu wawo unali kumwamba. Zinali zosavuta kuwakhululukira motero. Atakalamba, maso atafooka, ndinkawapitira kukawalowetsera ulusi m'singano. Tsiku lina, popanda ine kufunsa, anaimitsa phazi pamakina.

"Ndinkamumva, Selina. Kutsokomola kulikonse ndinkakumva. Ndinkangoti, mawa lokha."

Ndinawapatsa singano.

Tsopano ndikudziwa kuti sichinali chikondi chimene chinasowa mumsasa muja. Munthu amene sakonda ana ake savula jekete m'chisanu. Bambo anali ndi mantha enieni pa chinthu chenicheni, koma anadzinamiza kuti akudziwa tsiku lake, ndipo atalitchula pamaso pa anthu, kubwerera m'nyumba kunakhala kovuta kuposa kumva mwana akutsokomola. Enafe tinkaona zonse, ndipo tinadikira nawo limodzi. Nita akanakhala moyo, bwenzi lero ali mayi wa ana ake. Ine ndimamudziwa mpaka pamene anali asanayambe kuyenda.