Waya wa Zakariya

Ndikukumbukira chaka chomwe bambo anaumba mitanda ya simenti ya denga la shikola, kapena kuti sukulu, ya ku Malowera, ufulu utangobwera kumene. Mitanda ya mitengo inali itatha ndi chiswe. Bambo, amene anaphunzira zomanga ku damu la ku Songo, anati atithetsera vutolo.

Ankamanga mawaya pakati pa zipilala ziwiri n'kuwakoka ndi makako, chokwezera galimoto chija, mpaka waya azilira ukamukhudza. Kenako ankathira simenti m'chikombole. Ikauma ankadula mawayawo, mtanda n'kupindikira m'mwamba pang'ono.

"Simenti imapirira kuifinya, koma kuikoka imang'ambika," ankatero. "Waya akamafuna kubwerera, amaifinya, ndiye katundu saithyola."

Koma mawuwa sankauza ine. Ankauza Zakariya, mwana wa mlongo wawo wa ku Chiputo, poti kwathu luso limapita kwa mphwako. Ine, mwana wobala okha, wazaka khumi ndi zitatu, ndinali wotunga madzi basi. Zakariya akakhudza waya, n'kumvetsera kulira kwake n'kunena kuti, "Wakwana, malume," bambo ankamwetulira. Ine mtima unkachita kuwawa, ndithu ndinkamuda mnyamatayo.

Tsiku lomwe bambo anamupatsa mtanda wakewake woti aumbe, onse atapita kukadya masana, ndinabweza makako pang'ono, waya n'kukhwefuka. Pang'ono pokha! Zakariya anabwera n'kuthira simenti osakhudzanso waya.

Patapita masabata atatu anauyesa ndi matumba a mchenga. Pa thumba lachisanu tinamva kuti thee, mng'alu n'kutuluka kunsi. Simenti inali yosowa kuposa mchere masiku amenewo. Bambo sanakalipe, anangoti, "Khutu ulibe, mphwanga. Bwerera kwa amako ukalime."

Zakariya anandiyang'ana. Ananyamuka m'mawa ndi kamtolo kake, ine n'kulandira supuni yake yomangira imene ndinkaisirira. Ndinasangalala, sindinama.

Ndinkati ndidzaulula akadzabwera. Nkhondo inafika, njira ya ku Chiputo inatsekeka, anthu anabalalikira ku Zambia. Zakariya sitinamumvenso. Bambo anamwalira akukhulupirirabe kuti mphwawo analibe khutu.

Lero ndakalamba ndikumanga, ndipo ndadziwa kuti chofooka chobisika m'kati chimadikira tsiku la katundu. Mitanda inayo ikadali pa shikola paja. Wothyokawo uli pansi pa mtengo wa mango, ana amakhalapo. Amautcha mtanda wa Zakariya, ndipo mpaka pano sindinawauze kuti ndi wanga.